Kuchoka pa Taipi ya Dzimbiri Kufika pa Laputopu ya ku Joni

Kuseri kwa mashopu oyang'anizana ndi msika wa pa Mzimba boma kuli kachipinda kamene, zaka makumi atatu zapitazo, ukalowamo unkatulukamo ukuyetsemula. Denga lake lidali la malata obooka, moti dzuwa likakwera kuwala kunkadontha m'mabowomo n'kuonetsa fumbi lili koboo chipinda chonse. Laimu wa pakhoma adali atasuluka mpaka njerwa kuonekera, ndipo chiswe chidali chitalambula misewu yake kuchokera pansi kukafika pazenera. Pazenerapo galasi limodzi lidasweka kalekale, m'malo mwake adatsekapo katoni ya sopo. Pakona padali kabenchi ka miyendo itatu. Mwendo wachinayi udali njerwa ziwiri zosanjikiza. Ndiye pakatikati, patebulo logwedera lomwe ankalichirikiza ndi kapepala kopinda kunsi kwa mwendo, padakhala mwini nyumba weniweni: taipi yakuda, yolemera, ya dzimbiri m'mbali monse, imene chilembo chake cha "e" chinkakanirira papepala mpaka wotayipa achibweze ndi chala.

Wotayipayo adali madala ena amene adapuma pa ntchito ya ukalaliki m'maofesi a boma. Jekete sankavula ngakhale mu Okutobala. Magalasi awo adali omangidwa ndi ulusi kukhutu limodzi. Ukawafikira ndi nkhani yako ankayamba akuyang'ana kuchokera kumapazi, kenako n'kufunsa kuti, "Makope angati, adada?" Ukati atatu, ankasanja mapepala atatu ndi kaboni pakati pake, kaboni wofooka amene adayamba ntchito nthawi ya chipani chimodzi, n'kuyambapo: kho, kho, kho, ngee! Pepala loyamba linkawerengeka, lachiwiri unkachita kutsinzina diso limodzi, lachitatu linkangofuna chikhulupiriro. Akalakwitsa chilembo zonse zinkaima; ankapakapo Tipp-Ex wouma amene adamusungunula ndi dontho la sipiriti, n'kumauzira ndi pakamwa, iwe uli chilili. Riboni ikatha inki ankaibweza m'mbuyo n'kuyambiranso yomweyo. Kalata imodzi yofunsira ntchito inkadya m'mawa wonse, pomwe panja pali mzere wa aphunzitsi, alembi a mafumu ndi amayi a Umanyano odikira malipoti awo a pachaka.

Taganizirani tsono mmene nkhani zinkafikira kuderali. Nyuzipepala inkasindikizidwa ku Blantyre, n'kukwera basi, kudutsa Lilongwe, Kasungu, Jenda, ndipo pomatsika pa Mzimba inkakhala itakalamba kale. Makope ake adali owerengeka. Imodzi yomweyo inkayambira kuofesi ya DC, madzulo ili kwa ahedi, mawa lake kwa abusa, ndipo pomafika ku Edingeni, ku Manyamula, ku Luwerezi kapena kumapiri a kwa Khosolo inkakhala itakulunga usipa. Mnyamata wa ku Engutwini ankatha kuona tsamba la mwayi wa ntchito atagula mandasi, mafuta atalowerera padzina la kampani, n'kupeza kuti tsiku lotsekera kulandira makalata lidadutsa sabata ziwiri zapitazo. Wailesi idali imodzi, MBC, ndipo kuyambira 1968 mpaka 1994 Chitumbuka sichinkamvekapo n'komwe, chikhalirecho agogo ambiri kuno sankalankhula china. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa kuti nkhani za madzulo zimveke. Kanema wa dziko lino adadzayamba mu 1999, koma kumidzi ya kwa Mzikubola ndi kwa Mabulabo idali mbiri chabe yomva kwa obwera kutauni.

Ukachita mwayi n'kumva za ntchito nthawi ikadalipo, mavuto ankakhala atangoyamba kumene. Setifiketi ya MSCE inkafunika fotokope, ndipo makina a fotokope ukawapeza ali moyo unkathokoza Mulungu. Nthawi zambiri ankakhala akudikira inki yochokera ku Mzuzu. Kenako envulopu ya khaki, sitampa, malovu, bokosi la papositi ofesi. Keyala yako idali ya sukulu ya pulayimale ya kwanu kapena ya mpingo, choncho yankho linkagona m'kabati ya ahedi mpaka mwana wa Sitandade 6 atumidwe nalo. Za anthu amene kalata yowaitanira ku intaviyu idawapeza tsikulo litadutsa n'zosachita kufunsa. Banja lililonse lili ndi wake. Chowawa n'choti boma limeneli silidali la anthu osaphunzira ayi. Mishoni ya Loudon pa Embangweni, imene Donald Fraser adakhazikitsa mu 1902, pamodzi ndi sukulu zina za mishoni ya Livingstonia, zidatulutsa akalaliki, aphunzitsi ndi omasulira amene adakadzaza maofesi ku Zomba, ku Harare, kumigodi ya kopa ku Zambia ndi ku Johannesburg. Mitu idalipo. Zida ndiye kudalibe.

Makompyuta oyamba atayamba kuoneka m'maofesi ena cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zinthu sizidasinthe msanga. Kudangobwera chinthu chatsopano choti anthu aziopa. Chidali chibokosi choyera mothimbirira, sikirini yake ya chimsana chachikulu, chofundikidwa nsalu yoluka ngati mkwatibwi amene sadaonetsedwe kwa apongozi. Wochikhudza adali mmodzi yekha, sekilitale, ndipo iyeyo akadwala ofesi yonse inkabwerera ku bolopeni. Mesenjala ankachipukuta fumbi atagwira mpweya. Anthu atamva kuti kompyuta imagwidwa vairasi, wa chimfine ankauzidwa kuti akayetsemulire panja, ndipo si onse ankanena mocheza. Zolemba zinkasungidwa pa kadisiki ka 1.44 MB, kamene lero sikangakwane ngakhale chithunzi chimodzi chabwino cha pafoni, ndipo kakatandala m'thumba la shati tsiku lotentha kankafa ndi lipoti lonse la mwezi. Wofuna kutumiza imelo ankalawirira wa ku Mzuzu, makilomita oposa 100 kudzera m'nkhungu ya m'Chikangawa, kukaima pamzere m'kafe ya intaneti momwe ankalipiritsa pa mphindi. Tsamba la Yahoo linkatseguka mzere umodziumodzi, ndalama ikungopita. Likangotseguka lonse, magetsi n'kuzima, chipinda chonse bii!

Chipulumutso chidachokera ku Joni, pamwamba pa ngolo za matransipota. Mzimba ndi Joni adapalana ubale kalekale: azigogo adapita kumigodi pa Wenela, azibambo pa Teba, ndipo Teba itatsekedwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anyamata adayamba kupita okha. Matransipota, amene amanyamula anthu pa boma pano kupita nawo ku South Africa n'kubwerako ndi katundu wa achibale, kale ankatsitsa njinga, mabulangete, mipando ya sofa ndi mawailesi a masipika akuluakulu. Kenako m'kati mwa mabulangete muja mudayamba kutuluka zina: laputopu ya HP yosweka pakona, Dell yopanda mabatani awiri, Toshiba yootcha ntchafu, kompyuta ya patebulo imene bwana wina wa ku Randburg adati aitaye, wosamalira maluwa pakhomo pake n'kuipempha. Kwa eni ake zidali zinyalala. Kuno zidapeza anyamata osowa ntchito, a nthawi yambiri ndi mantha ochepa.

Adayamba ndi kubena. Kakontena kapena kakhonde, sipika ikulira panja, chikwangwani cholemba ndi choko: nyimbo, mafilimu, kuchajitsa foni. Poyamba ankabenera pa CD, kenako m'memore khadi: za Lucius Banda, za Wambali Mkandawire, makwaya a Sinodi ya Livingstonia, ingoma, ndi mafilimu a karate aja omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ amene amaika mawu awoawo m'kamwa mwa Jet Li. Akuluakulu ankawanyoza kuti awa ndi ongotaya nthawi. Koma kubenako n'kumene kudali sukulu. Fulashi iliyonse inkabwera ndi vairasi ija yosandutsa mafayilo onse kukhala ma shortcut, ndipo kuti bizinesi isafe mnyamata ankayenera kuphunzira kuichotsa. Ndi mmene kapulogalamu ka ku Indonesia kotchedwa Smadav kadatchukira mpaka pa Jenda. Kompyuta ikakana kuyaka kudalibe kopita nayo, ndiye ankaitsegula yekha ndi nsonga ya mpeni. Adaphunzira kufomata, kuika Windows XP, kenako Windows 7, kusakasaka madiraiva a saundi pakati pa usiku pamene bandulo imatsika mtengo. Loweruka masana ankakumana pakhonde la mnzawo, aliyense ndi chake m'chikwama. Padali hadi disiki imodzi yomata ndi selotepi imene inkakwera matola kuchoka pa boma kupita ku Embangweni, ku Edingeni, ku Jenda n'kubwerera, aliyense akutapamo ndi kuthiramo mapulogalamu. Imeneyo ndiyo idali intaneti ya dera lino fayiba isanafike.

M'gululi mudali mtsikana mmodzi, mdzukulu wa madala a taipi aja. Fomu 4 adakhoza bwino ndithu, koma malo ku yunivesite sadapezeke. Madala atafooka maso kachipinda kaja kadatsekedwa, akangaude n'kulowa ufumu. Ndiye tsiku lina amalume ake a ku Joni adamutumizira laputopu ya Lenovo ndi uthenga woti idafa, koma chaja chakecho mwina angagulitse. Loweruka anzake adaizungulira pakhonde paja. Yerekezani kuti mwaima kumbuyo kwawo. Mtsikana wayala chitenje patebulo, wagadabuza laputopu, akumasula timasikuluwu n'kumatiponya m'chitsekerero cha botolo la Sobo kuti tisasowe. Atangokanganula chapansi, onse adafutukira m'mbuyo: fani idali itaundana ndi fumbi ndi ubweya wa galu wa eni ake, pakona pali mphemvu youma imene idadutsa malire atatu popanda pasipoti. Adatenga mswachi wakutha n'kuyamba kusesa timapiko ta fani kamodzikamodzi. Adazula RAM, n'kupukuta mano ake agolide ndi labala ya pensulo, n'kuikankhiranso mpaka idalira kuti tcha. Phala louma la papulosesa adalichotsa ndi kathonje konyowetsa sipiriti, mnzake n'kufinyirapo kadontho ka latsopano. Hadi disiki yokha ndiyo idali itafadi, inkangolira tiki, tiki. Adasonkherana n'kugula ina yochotsa m'kompyuta imene idapsa ndi mphenzi cha ku Kazomba. Atatseka, adalumikiza chaja, onse kuli zii. Adadina batani. Kanyali kadati phethi, fani idapuma mpweya wake woyamba, ndipo dzina la Lenovo lidatulukira pasikirini lili mbee. Mfuu umene udabuka apo, amayi ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu adadzambatuka poyesa kuti kwagwidwa wakuba.

Laputopu imeneyo ndiyo idatsegulitsa kachipinda. Koma musayese kuti zidatheka tsiku limodzi. Chaka choyamba mtsikanayo ankatayipa atakhala pakabenchi ka njerwa komwe kaja, mvula ikagwa akusuntha tebulo kuthawa madontho, zolembazo n'kukasindikiza kwa eni pulinta. Phindu loyamba lidagula malata anayi. Lachiwiri matumba a simenti, anzake a pakhonde aja n'kudzasakaniza ndi kusalaza pansi, malipiro awo nsima ya nyemba. Ngongole ya banki m'khonde idagula pulinta ya Epson ya matanki a inki. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi ankatha kuzima tsiku lathunthu ndipo ena adangokhoma zitseko. Iye adagulitsa mbuzi ziwiri za amayi ake, atapempha ndithu, n'kukweza mapanelo a sola padenga, mabatire ndi inveta pansi pa tebulo. Kuyambira pamenepo, mzere wonse wa mashopu ukakhala mumdima khomo lake lokha ndilo limawala, makasitomala a anzake n'kumabwera okha.

Talowanimoni lero. Chitseko n'chagalasi, pamwamba pake chikwangwani cha mitundu inayi chimene adachijambula yekha pa CorelDRAW. Pansi pali matailosi oyera oti ukaponda ndi matope a kumsika umachita manyazi wekha. Khoma la chiswe lija lapakidwa penti wobiriwira, lili see. Siling'i ili mbee, mababu ali ngwee. Pamene padali katoni ya sopo pali zenera la magalasi otsetsereka ndi katani wa maluwa. M'mbali mwa khoma mwandandalika makompyuta asanu, iliyonse ndi mpando wake wa miyendo inayi yeniyeni, ndipo pamipandopo pakhala ana a sukulu akuphunzira kutayipa ndi zala zonse khumi. Pakona pakulira chimakina cha fotokope chofika m'chiuno, pambali pake sikana, makina omatira mapepala m'pulasitiki ndi nsalu yoyera yojambulirapo zithunzi za pasipoti. Rauta yapachikidwa m'mwamba, timagetsi take tikuphethira. Fungo lake ndi la pepala lofunda ndi polishi. Kalata ija inkadya m'mawa wonse ikutuluka mphindi zisanu, makope makumi awiri ofanana ndendende, "e" aliyense ali nji pamalo pake. Taipi ija sadaitaye. Ili pashelefu, yopukutidwa ndi mafuta a makina osokera, ndipo ana amafunsa kuti sikirini yake idapita kuti.

Zotuluka m'pulinta imeneyo ukaziyala pamodzi ungadziwe zonse zochitika m'boma muno. Makhadi a ukwati a nkhunda ziwiri, nambala ya Airtel Money ili pansi pake. Mapulogalamu a maliro, chithunzi cha malemu atachidula pagulu la anthu a paukwati wina n'kuchiika pamitambo. Mayeso a teremu a sukulu za pulayimale, amene kale mphunzitsi ankalemba pabolodi mpaka choko kumuyeretsa tsitsi, kapena ankadula pa sitensulo n'kupukusa pa Gestetner manja ali bii ndi inki. Ndandanda za magulu a banki m'khonde pa Excel, zimene zathetsa milandu yambiri ya "ine ndidapereka". Ndiye pali nyengo yofunsira malo m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE ndi ngongole ya sukulu, zomwe tsopano zimachitikira pa intaneti. Ikafika nyengoyo mzere umakhota mpaka kumsika, makolo mafoni ali m'manja kudikira uthenga wotsimikiza kuti ndalama yalowa.

Koma chimene chidatseka pakamwa onyoza aja ndi ntchito. Mu 2017 bungwe la NRB lidalemba anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa ziphaso za unzika, ndipo chida chake chidali chikwama chokhala ndi laputopu, kamera, kachipangizo kojambula zidindo za zala ndi sola yake. Padafunika achinyamata zikwizikwi otha kugwira mausi osanjenjemera. Ongobena nyimbo aja adapezeka kuti ndiwo akatswiri: pamene ena ankaopa kudina, iwo ankadziwa kale chochita makina akauma. Chaka chotsatira, mu Seputembala 2018, kalembera wa anthu adachitika ndi matabuleti koyamba m'mbiri ya dziko lino, ndipo m'boma la Mzimba, lomwe malo ake ndi aakulu kuposa maboma onse, mudawerengedwa anthu oposa 900,000 osaphatikiza mzinda wa Mzuzu. Khomo lililonse lidafunika munthu wofikapo ndi tabuleti. Kalembera wa mavoti naye adasamukira pa makina. Fetereza wotsika mtengo wa AIP, kuyambira 2020, adayamba kugulidwa pojambula chiphaso ndi foni. Onjezanipo maejenti a Airtel Money, imene idayamba mu 2012, a Mpamba wa TNM wa mu 2013, ndi timaofesi ta Mukuru momwe amayi amalandirira ndalama za ku Joni, zija kale zinkasokereredwa m'kolala ya jekete. Mmodzi wa anyamata a pakhonde paja lero amalowetsa ziwerengero za odwala m'kompyuta pachipatala china, wina akuphunzitsa Computer Studies pasekondale yoyendera, wina amazungulira pa njinga yamoto kukonza makompyuta m'sukulu, sikuludiraiva ili m'thumba la kutsogolo pamene ena amaika bolopeni.

Sukuluzo nazo zasintha. Kale ana ankaphunzira kompyuta pabolodi, mphunzitsi atajambula kiyibodi ndi choko, mwana n'kufika polemba mayeso asanaigwirepo. Kuyambira 2016 bungwe la ku Scotland la Turing Trust, limene adayambitsa achibale a Alan Turing, katswiri wa masamu uja amene maganizo ake ali pa tsinde la kompyuta ya masiku ano, lakhala likugwira ntchito ndi Centre for Youth and Development ya ku Mzuzu kukonza makompyuta ogwirapo kale ntchito n'kuwaika m'sukulu za chigawo cha kumpoto. Ambiri amabwera ndi Kolibri, pulogalamu yosunga maphunziro ndi mavidiyo m'kompyuta momwemo moti intaneti siifunika. Kupulayimale, ndondomeko ya boma ya BEFIT idayamba mu 2023 kupereka matabuleti ochajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Chilichonse mwa zipangizozi tsiku lina chidzakana kuyaka, ndipo amene adzaitanidwe si injiniya wa ku Lilongwe.

Nanga nkhani? Zija zinkafika zitakulunga usipa, lero zikufika mwini nkhani asanamalize kulankhula. Zodiak, Times ndi MBC zimaulutsa pa Facebook pompopompo, Mzimba Community Radio ikukamba za m'midzi mwathu m'Chitumbuka chenicheni cha kuno, ndipo mwambo wa Umthetho ukamachitika paphiri la Hora mu Ogasiti, Inkosi ya Makosi M'mbelwa V isanakhale n'komwe pansi, ana a kuno amene ali ku Cape Town aona kale ingoma ndipo akudandaula kuti wojambula akugwedeza foni. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014 ndi Chitumbuka mu 2024. Imalakwitsa zoseketsa, komabe agogo amene wailesi idawamana chinenero chawo kwa zaka 26 akuchiona pasikirini. Mwayi wa ntchito ukalengezedwa ku Lilongwe m'mawa, dzuwa lisanatenthe uli m'foni ya mtsikana wa ku Emfeni. Masana ali m'kachipinda kaja kukonzetsa CV, setifiketi yasikanidwa, imelo yapita, madzulo ali kwawo akutonola chimanga. Pamodzi ndi zenizenizo pamabweranso zabodza, zija zoti tumizani kangachepe pafoni kuti dzina lanu lilowe, ndipo apa m'pamene achinyamata a makompyutawa ndimawatayira kamtengo. Amayang'ana keyala ya imelo, amaona kuti bungwe lalikulu silingalembere anthu ntchito kudzera pa Gmail ya munthu, n'kumuuza kasitomala kuti, "Amama, ndalama yanuyo kagulireni ana sopo." Akadafuna akadangotayipa kalatayo n'kulandira yawo.

Netiweki kale inkapezeka pachulu chimodzi m'mudzi, anthu ataunjikanapo madzulo mafoni ali m'mwamba. Tisanamizane, m'midzi ina chulucho chikadali pantchito, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya inki, mapepala ndi zipangizo idakwera mogwiritsa kakasi. Komabe nthambo za fayiba za boma, zimene zidayamba kukokedwa mu 2017 motsatira mawaya a ESCOM, zidalumikiza maboma a dziko lino, 4G ili m'misika ikuluikulu, ndipo kuyambira 2023 Starlink nayo ilipo kwa amene thumba lawo likulola. Pulogalamu imene hadi disiki ya selotepi inkayenda nayo sabata yathunthu, lero imatsika munthu asanamalize mbale ya chipisi.

Pakhonde paja Loweruka amakumanabe, koma tsopano pali mipando ya pulasitiki ndi ekisitenshoni yaitali, atsikana nawo achuluka. Mikangano yakenso yakwera kalasi. Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo malaputopu ambiri a ku Joni ndi akale moti Windows 11 imawakana, ena chifukwa alibe kachipangizo ka TPM 2.0. Gulu lina likuti njira yoizembetsera ilipo. Lina likuti kuvutikiranji, ikani Linux Mint kapena Ubuntu, n'zaulere, vairasi ya pafulashi ija siikhudzako, ndipo LibreOffice imatsegula mafayilo a Word bwinobwino. Amakonda kukumbutsa anzawo kuti Ubuntu adaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndiye nayonso ndi katundu wa ku Joni basi. Oimba sakumva zimenezo, pakuti FL Studio imene amapangira mabiti a kwaya ndi a ingoma yamakono siyenda bwino kumeneko. Wina wangoika SSD m'kompyuta ya zaka khumi, ndiye akuiyatsa n'kuizimitsa, kuiyatsa n'kuizimitsa, kuti aliyense aone kuti ikudzuka asanawerenge kufika 20. Wina akuphunzira Python pa YouTube ndipo walonjeza kapulogalamu kowerengera ng'ombe kudibi. Kakadali patsamba loyamba, koma dzina kali nalo kale.

Amene asokonezeka ndi matransipota. Khirisimasi ikuyandikira, mtsikana uja adaimbira amalume ake pa WhatsApp.

"Amalume, bulangete ayi, tili nawo. Mundigulire RAM ya 8 GB ziwiri ndi SSD ya 512."

"SSD ndiye mankhwala a chiyani, mwana iwe? Ukudwala?"

"Ndikutumizirani chithunzi. Musakagule pamsewu, mukagule m'shopu akupatseni lisiti."

Transipota adafika pa boma ngolo ili tho: mafiriji, masofa, matanki a madzi. Atatsitsa zonse, thukuta lili kamukamu, adapisa m'thumba la shati n'kutulutsa kaphukusi ka mtsikanayo. Transipotayo amalipiritsa poyang'ana kukula kwa katundu, ndiye adakatembenuza uku ndi uku, adakagwedeza pafupi ndi khutu, n'kufunsa kuti, "Nanga aka ndikulipiritseni bwanji, achemwali?"

Mtsikana asanayankhe, kamlongo kake ka Sitandade 5 kadalumphira: "Mtengo wake ndi wa malata khumi, adada, ine ndaona lisiti pafoni!"

Adakaponda phazi, koma transipota adali atamva kale.